Ma noodles afika, tiyeni tiwatendere ndi nshawa zathu

Amene amayenda pa boma la Lundazi nthawi imene ana aweruka kusukulu adzaticitira umboni. Pa kantemba kalikonse mupeza timapaketi ta ma noodles titalenjekedwa pa cingwe. Mwana agula kamodzi, akaphwanya ndi cibakera, athiramo kaufa kamcere kaja, nayamba kutafuna zosaphika ali m'njira. Wina afika nako kunyumba, awiritsa madzi, ndipo pakapita mphindi zitatu wadya kale. Kale tinali kuganiza kuti izi ndi za ana a ku Lusaka ndi ku Chipata. Lero timapaketi timeneti tafika mpaka ku Mwase, ku Lumezi ndi ku Emusa.

Makolo anzathu ambiri akudandaula, ndipo ena akuti tingowaletsa anawa. Ife tikuti kuletsa sikudzatifikitsa patali. Cakudya cimene cipsa msanga, cosafuna nkhuni zambiri, cimene ngakhale mwana wa giredi 5 akhoza kuphika yekha, sicidzacoka pakati pathu cifukwa ca mkwiyo wa agogo. Akuluakulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Popeza cakudyaci ndi mlendo, tiyeni tifunse eni ake m'mene amacidyera.

Anthu a ku China akhala akudya ma noodles kwa zaka zikwi, ndipo a m'timapaketi ndi a dzulodzulo. Anawayambitsa ndi bambo wina wa ku Japan, Momofuku Ando, m'caka ca 1958. Kuno kwathu nakonso amapangidwa: mai Monica Musonda anakhazikitsa kampani ya Java Foods ku Lusaka mu 2012, imene inaturutsa ma noodles a eeZee. Koma eni cakudyaci sadya ma noodles ndi madzi amcere okha. Mu mzinda wa Wuhan anthu amadya m'mawa ma noodles osakaniza ndi citowe cokazinga ndi kupera. Ku Sichuan kuli ena ochedwa dandan, dzina locokera ku mtengo umene ogulitsa anali kusenzera katundu wao paphewa. Ku Shaxian, m'cigawo ca Fujian, amawasakaniza ndi ciponde ca nshawa, ndipo ku Shanghai nyengo yotentha amadya ozizira, atathira msuzi wa nshawa ndi viniga. Dziko la China ndilo lilima nshawa zambiri kuposa dziko lina lirilonse pansi pano.

Mwamva, alimi anzathu? Cimene anthu a m'mizinda ikuluikulu imeneyi amafola pamzere kuti agule ndi kutendera. Amai athu anacidziwa kalekale. Tasiyana pang'ono cabe kacitidwe kake.

Tsono taonani cimene ticita ife. Cigawo cathu ca Kum'mawa ndico nkhokwe ya nshawa m'Zambia. Chalimbana yadziwika dziko lonse. Mbeu za MGV4 ndi MGV5 zinacokera pa Msekera, pafupi ndi Chipata. Bungwe la COMACO, limene linayamba nchito yake kuno ku Lundazi mu 2003, ligula nshawa kwa alimi ndi kupanga ciponde ca It's Wild! cimene cigulitsidwa m'masitolo akuluakulu a ku Lusaka. Anthu a m'tauni apereka ndalama zambiri pa botolo limodzi la nshawa zimene amai a kuno analima ndi khasu.

Koma ikafika May ndi June, ogula oyendayenda abwera ndi masikelo ao pansi pa mtengo. Ife tituta zonse, meda ndi meda, thumba ndi thumba, nthawi zina mpaka mbeu yomwe. Pofika December ndiwo zathu ndi zamcere ndi tomato yekha, ndipo nsinjiro tikagula pa msika pa mtengo woposa umene tinagulitsira. Ndalama ija ya nshawa, ina ndiyo tipatsa mwana kuti akagule kapaketi. Tagulitsa cakudya comanga thupi kuti tigule cakudya congodzaza mimba. Kodi pamenepa wapindula ndani?

Iyi si nkhani yaing'ono. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa mu 2018 anapeza kuti pa ana 100 alionse osafika zaka 5 m'Zambia, ana 35 anali opinimbira. Mwana wopinimbira sakhala wamfupi cabe, amabvutikanso m'kalasi. M'kapaketi kaja muli ufa wa tirigu, mafuta ndi mcere. M'nshawa, gawo limodzi mwa magawo anai ndi zomanga thupi, ndipo pafupifupi theka ndi mafuta abwino. Za mcere, bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO lilangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 pa tsiku, ndiye kuti kasupuni kamodzi ka tiyi. Mwana amene anyambita kaufa konse kaja m'manja wadya kale gawo lalikuru la muyeso umenewu dzuwa lisanapendeke.

Sitikunyoza kampani iriyonse kapena wa kantemba amene afuna kudyetsa banja lace. Tikungoti kapaketi pakokha si cakudya cokwanira, monga nsima yopanda ndiwo si cakudya cokwanira.

Nanga msuzi umenewu aupanga bwanji? Pano pali kusiyana kumene tanena kuja. Ife potendera cibwabwa kapena kholowa tisinja nshawa zosakazinga, tisefa, tithira mumphika ndi kubwatitsa. Anzathu a ku China ayamba akazinga nshawazo, azipera mpaka zitaturutsa mafuta, ndipo msuzi wace sauika pamoto. Amausungunulira m'mbale.

Tengani nshawa zosankha bwino, mukazinge pa phale ndi moto wocepa kufikira zitafiira pang'ono ndi kununkhira. Zikapsereza ciponde cidzawawa. Fikisani m'manja, petani timakoko, ndipo sinjani mumtondo mosatopa mpaka zitasalala ndi kunyezimira. Pa anthu awiri ikani masupuni atatu akuru a ciponde m'mbale. Thirani madzi ofunda pang'onopang'ono, makamaka aja mwaphikira ma noodles, uku mukutakasa. Poyamba ciponde cidzalimba ngati cakana madzi. Musataye mtima, pitirizani kuthira supuni imodzi imodzi, ndipo cidzamasuka ndi kukhala ngati phala la mwana. Mukathira madzi onse nthawi imodzi mupeza zibuluma.

Kenaka msuzi ufuna zinthu zinai: camcere, cowawasa, cotsekemera ndi cowawa. Pa camcere iwo athira soy sauce, madzi akuda opangidwa kucokera ku soya wofufumitsa, soya yemweyu tilima kuno. Apezeka m'masitolo akuru, koma ngati mulibe, kamcere pang'ono kakwanira, kapena theka cabe la kaufa ka m'paketi kaja. Pa cowawasa thirani supuni imodzi ya viniga kapena finyirani ndimu. Pa cotsekemera, theka la kasupuni ka shuga kapena uci. Pa cowawa, sinjani adyo ndi mpiripiri, muike pamwamba, ndipo muthirepo supuni imodzi ya mafuta otentha kuti fungo lituruke. Ngati adya ndi ana ang'ono, mpiripiri musiyeni pambali.

Phikani ma noodles, kapena supageti ngati ndiye muli naye, ndipo zikatsala pang'ono kupsa ponyanimo repu kapena cibwabwa coduladula. Khetsani madzi, thirani msuzi uja, sakanizani bwino kuti ulowe paliponse. Pamwamba ikani masamba a anyezi, nkhaka zoduladula, dzira lowiritsa kapena kapenta wokazinga ngati alipo. Mudzaona kuti timapaketi tiwiri timene mwana mmodzi anali kumaliza yekha takhutitsa ana atatu, ndipo sabweranso kudzalira njala pakapita ola limodzi. Pa masiku Acisanu a m'nyengo ya Lenti, pamene tisala nyama, mbale imeneyi isunga banja bwino lomwe.

Koma pali cenjezo limene sitingalidumphe, ndipo tikupempha kuti muwerenge kawiri. Nshawa zosasamalidwa zimagwidwa ndi cuku, ndipo cukuco cimabala poizoni wochedwa aflatoxin. Poizoni ameneyu saoneka ndi maso, ndipo kukazinga kapena kuphika sikumuthetsa. Amaononga ciwindi, amayambitsa khansa ya m'ciwindi, ndipo akatswiri amamuika pakati pa zinthu zimene zipinimbiritsa ana. Ku Kenya mu 2004 anthu 125 anafa atadya cimanga cokhala ndi poizoni ameneyu. Kuno kwathu mu August 2024, caka ca cilala cija, nduna ya zaumoyo inalengeza kuti aflatoxin wapezeka mu ufa wina wa cimanga, agaru mazana atafa kale. Cilala cimafooketsa mbeu m'munda, ndipo cuku cimapeza polowera.

Pano tiyenera kudziimba mlandu tokha. Ndani wa ife sanaone munthu akuwaza madzi pa nshawa kuti zisweke msanga, kapena kuti zilemere pa sikelo? Ndani sanaone kuti zabwino zipita kwa wogula, ndipo zofota, zosweka ndi zakuda ndizo zitsala m'licero kuti zikhale nsinjiro za ana? Wogula wa ku tauni timupatsa zosankha, mwana wathu timupatsa zotsala. Mwambo umenewu uyenera kutha. Kumbani nshawa pa nthawi yace, ziume bwino zisanathotholedwe, musaziyanike pa dothi lonyowa, sungani zosaswa pa malo ouma pamene mphepo ipita, ndipo muziswa zokhazo zimene mufuna. Zofota, zoboola ndi zowawa tayani. Musapatse nkhuku kapena ng'ombe ya mkaka, pakuti poizoniyo amatsata mkaka nabwerera m'kapu ya mwana. Ciponde pangani cocepa, ca sabata imodzi, ndi kucisunga m'botolo louma lotseka bwino. Ndipo ngati mwana atupa milomo, aturuka zidzolo kapena abanika akadya nshawa, thamangani naye kucipatala, pakuti alipo ena amene thupi lao likana nshawa.

Tikudziwa kuti ena adzati, kodi tisiye nsima cifukwa ca zakudya za alendo? Ai, sitinatero. Nsima ikhala pa malo pace. Koma tisaiwale kuti cimanga ndi nshawa zomwe zinali alendo tsiku lina. Zonse ziwiri zinacokera ku America, ndipo zinafika ku Africa ndi zombo za Apwitikizi zaka mazana angapo zapitazo. Makolo athu sanazithamangitse. Anazilandira, nazipatsa mtondo ndi mphika, ndipo lero tiyesa kuti ndi zathu zeni zeni. Cimene ife tikana ndi kulandira mlendo ndi manja awiri uku tikutaya cathu.

Ena adzati ma noodles afuna ndalama, ndipo tirigu sitilima kuno. Ici ndi coona, ndipo sitikuuza banja lirilonse kuti liyambe kugula cimene silinali kugula. Msuzi umenewu susankha. Thirani pa kandolo wophika, pa cinangwa, pa mpunga wa ku Chama, pa maungu, ngakhale pa kabichi. Amene alibe ndalama ya kapaketi sanataye kanthu. Amene wagulitsa nshawa zonse ndiye wataya.

Pempho lathu ndi ili. Abambo, pamene ogula afika ndi masikelo, khalani pansi ndi amai, amene ndiwo analima ndi kupalira nshawazo, mugwirizane thumba limene silidzaturuka pakhomo. Likhale la nshawa zosankha, osati zotsala. Amai a m'magulu ndi m'miphakati, yesani msuziwu pamodzi tsiku lina mukakumana, aliyense abwere ndi meda yace, ndipo muphunzitsenso anyamata, pakuti ndiwo adya kwambiri timapaketi timeneti. Inu amene mutumiza ana kusukulu zogonera komweko, m'bokosi muja muika ma noodles muikemonso botolo la ciponde. Alangizi a zaumoyo pa sikelo ya ana, pamene muphunzitsa za phala la nsinjiro, onjezanipo ndi ici.

Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Nshawa tiri nazo, mtondo tiri nao, manja tiri nao. Mwana akapempha ndalama ya kapaketi mawa, mpatseni ngati muli nayo, koma muuzeni kuti abwere nako kunyumba, akatenge munsi, asinje.