Si diripi iliyonse imene imapatsa moyo

Kutatsala masiku ochepa kuti tikasonkhane ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba, mdzukulu wathu wa ku Lusaka anaimba foni. Anailandira ndi mayi a kunyumba kwanga. Atapatsana moni, mnyamatayo anati, "Ambuya, Lachinayi ndifika, ndipo ndikubwera ndi diripi yoopsa." Asanamufunse bwino, foni inaduka. Mayiwo anangoti khwerekwete pakhonde, dzanja lili patsaya. Usiku umenewo tulo sanatione. Kutacha anasesa kachipinda, anasefa ufa wa phala, n'kundituma kuti ndikapangane ndi wanjinga yamoto woti adzamuthamangitsire ku chipatala cha St Francis matenda akadzakula.

Lachinayi basi inaima pa Stores. Tinangoona mnyamata akutsika ali bwinobwino, masaya ali see, nsapato zoyera kuti mbee, jekete yonyezimira, kaunyolo m'khosi, magalasi akuda kumaso. Ambuya ake anamugwira mikono yonse iwiri kufunafuna pamene panalowa singano, osapapeza. "Nanga diripi ija ili kuti, mwanawe?" Iye anazungulira kamodzi ngati wovina chimtali, nati, "Ndi imeneyi, Ambuya."

Safunsa anadya phula. Madzulo ake ndinapita kwa mnzanga wina amene anapuma pa ntchito ya uphunzitsi. Iye anandimasulira kuti kwa eni ake Chizungu, drip ndi kudontha basi: mpopi wosatsekeka bwino, denga lobooka, kandulo ikamasungunuka. Dontho lenilenilo amati drop, mvula yowaza amati drizzle. Kale Mngelezi akakutchula kuti ndiwe drip ankakhala atakunyoza kuti ndiwe munthu wozizira, wosakoma kucheza naye. Koma oimba achikuda a ku Atlanta, ku America, analitembenuza liwuli n'kukhala lotamandira zovala, ndipo cha m'ma 2018 nyimbo zawo zinalimwaza dziko lonse kudzera m'mafoni. Chimene ife timati kutchena, ana athu akuti diripi.

Choncho liwu limodzili lamanga nyumba zitatu pakati pathu, ndipo ine, adzukulu anga, ndifuna tiziyendere zonse kuti mudziwe yoyenera kugonamo.

Diripi yoyamba ndi ya kuchipatala. Ife a kuno tinaidziwira ku St Francis, chipatala chimene chakhala chikutisamala kuyambira mu 1948. Amene anadikirirapo wodwala akuidziwa bwino: thumba la madzi lili lende pachitsulo, kachubu katsika mpaka pamkono, pakati pali kabotolo koonekera mkati momwe dontho limakula, kulemera, kenako n'kugwa. Namwino amaima ndi wotchi n'kumawerenga. Pa kachubu ka masiku onse, madontho 20 ndiwo amapanga mililita imodzi, ndiye kuti m'thumba la lita muli madontho 20,000. Akafuna kuti lithe pa maola 8, amatembenuza kagudumu mpaka azigwa pafupifupi 42 pa mphindi. Wodikirira wina amaona ngati akuchedwa n'kufuna kutsegulako yekha namwino akatuluka. Musadzayese, chifukwa madzi olowa mothamanga amatha kulemetsa mtima ndi kudzaza mapapo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nzeru imeneyi inabadwa pa maliro. Mu 1832 kolera itavuta ku Leith, m'dziko la Scotland, dokotala wina dzina lake Thomas Latta anayesa kulowetsa madzi a mchere m'mitsempha ya odwala amene anali atauma thupi, ndipo ena anatsitsimuka. Matenda omwewo ndi amene anatigwedeza kumayambiriro kwa 2024, pamene bwalo la mpira la National Heroes ku Lusaka linasanduka chipatala ndipo sukulu zinachedwa kutsegulidwa. Komabe pali chizolowezi chimene ndimadana nacho. Ambiri a ife timaganiza kuti ngati sanatiike diripi kapena kutibaya jakisoni, ndiye kuti sitinathandizidwe. Mwana akatsegula m'mimba timangomuyang'ana mpaka maso alowe, liwombo litsike, kenako n'kumathamanga usiku. Chonsecho chithandizo choyamba chili m'nyumba momwemo: lita imodzi ya madzi owiritsa, masupuni aang'ono 6 a shuga, ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Mwetsani mwanayo pang'onopang'ono muli pa ulendo wa kuchipatala. Madzi akatayika saoleka, ndipo a m'thupi la khanda sachedwa kutha.

Diripi yachiwiri ndi ya kudimba. Inayamba ndi munthu wa maso akuthwa, Simcha Blass wa ku Israel, amene anaona mtengo umodzi utakula kuposa anzake pamalo ouma. Atakumba anapeza kuti paipi yodutsa pamenepo inkadontha pafupi ndi mizu. Wina akanangomanga paipiyo ndi mphira n'kumapita. Iye anaphunzirapo kanthu, ndipo mu 1965 anthu a ku Hatzerim, m'chipululu cha Negev, anayamba naye kampani ya Netafim yopanga mapaipi othirira modontheza. Lero anthu a m'chipululu akudya masamba chaka chonse, pamene ife a m'mphepete mwa madambo timalira ndiwo mwezi wa Okutobala.

Chilala cha 2024 palibe amene angachiiwale kuno ku Katete, ku Sinda ngakhale ku Vubwi. Chimanga chinapserera chisanamasule, ndipo pa 29 Febuluwale chaka chimenecho Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lili pa ngozi, mahekitala pafupifupi 1 miliyoni mwa 2.2 miliyoni a chimanga atawonongeka. Chakudza sichiimba ng'oma, ndipo chilala china chidzabweranso osatiuza. Amene alibe ndalama za mapaipi asataye mtima. Ine kuseri kwa nyumba ndili ndi mizere itatu ya matimati. Pa phando lililonse ndinakwirira botolo lapulasitiki loboola timabowo tiwiri ndi msomali wotentha, pamwamba pa nthaka n'kuphimbira ndi udzu. Ndimadzaza mabotolowo m'mawa ndi madzi otsala otsukira mbatata ndi masamba. Madziwo amatsikira ku mizu, dzuwa siliwamwa, udzu wa pakati pa mizere suwalawa. Ndowa imene kale inkathera pa mzere umodzi tsopano ikukwanira yonse itatu. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Tsono tifike pa diripi yachitatu. Musandimve molakwa, ine sindidana ndi kutchena. Ifenso pa unyamata wathu tinkasita buluku ndi simbi ya makala mpaka mzere wake uthe kudula ntchentche, ndipo ambuya anu sindinawapeze nditavala chiguduli. Munthu wosamba ndi wovala bwino amadzilemekeza yekha. Koma diripi ziwiri zoyamba zija zimadonthera mkati, ina m'thupi, ina m'nthaka, pamene iyi imadonthera kunja. Mdzukulu wanga uja anagona m'nyumba ya amake, imene dzinja lililonse amatcheramo mabeseni ndi mapoto chifukwa malata anachita dzimbiri. Nditamufunsa mtengo wa nsapato zake anayang'ana pansi, poti akanagula nawo malata angapo. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Mpopi wodontha kamodzi pa sekondi umataya madontho 86,400 pa tsiku. Tikawerengera ndi muyeso wa kuchipatala uja, ndi malita oposa 4, ndipo pa mwezi ndi zigubu 6 za malita 20 n'kutsalako. Palibe amene amamva phokoso lake. Thumba la mnyamata limadonthanso chimodzimodzi: lero K5 ya mabando, mawa K10 yobetchera mpira pafoni, Loweruka kajekete ka pa salaula koti akajambulitse n'kuika pa Facebook. Iliyonse payokha ndi yochepa, koma nthawi yogula mbewu ndi feteleza ikafika amapezeka akukanda m'mutu, n'kuyamba kunena kuti amulodza. Mvula ikakuona litsiro sikata, ndipo ngongole nayo ikakuona wokonda kuoneka sikusiya.

Chinanso chondiwawa ndi cha chilankhulo. Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, n'chifukwa chake liwu la diripi tinalilandira ndi manja awiri, poti thumba lija la kuchipatala makolo athu analibe dzina lake. Koma pa zinthu zodontha ife sitinali amphawi. Denga limadontha, magazi amakha, thukuta limachucha kapena limangoti kamukamu, misozi imayamba yalengeza kenako n'kutsika mbwembwembwe, dovu timachita kukhetsa, mankhwala a m'maso timadontheza, kachasu amatcheza. Mvula nayo ili ndi maina ake. Chizimalupsa ndi ija imagwa tchire litapsa, yosadzalira. Mvumbi ndi uja umagwa tsiku lonse osakata, nkhuku zili ndwii pakhonde. Palinso mawawa, matalala ndi mkuntho. Mlimi wodziwa mainawa sataya mbewu pa mvula yonyenga. Ndinamufunsa mdzukulu wanga tanthauzo la chizimalupsa, iye n'kuyesa ndi dzina la gule. Chizungu chakenso, mnzanga mphunzitsi uja atachiyesa, chinapezeka kuti n'cha m'nyimbo chabe, kalata yofunsira ntchito sichingalembe. Mapanga awiri avumbwitsa. Phunzirani Chizungu mozama, chikutsegulireni makomo, koma chanu muchigwire zolimba, chifukwa madzi saiwala khwawa.

Mnyamata uja asanabwerere ku Lusaka ndinamutengera kuseri kwa nyumba, ndinamupatsa msomali ndi mabotolo asanu. Anavula nsapato zoyera zija n'kuziika pamwamba pa nkhokwe, ndipo anagwira ntchito mpaka dzuwa kupendeka. Mwezi wa Novembala amake analandira ndalama pafoni zogulira malata anayi. Sanakwanire denga lonse, koma mbali yogona ana sikudonthanso.

Mawu a akulu akoma akagonera. Inu anyamata ndi atsikana a kwa Kawaza, kwa Mbang'ombe, kwa Kathumba, kwa Nyanje ndi kwa Pembamoyo, tchenani ndithu pobwera ku Kulamba, tikuoneni tisangalale. Koma musanagule nsapato zachiwiri, kayang'aneni kaye denga la amanu mvula isanagwe.