Moto wa mu Okutobala umapsereza mbewu za mu Disembala

TETE – Chilala cha nyengo ya 2023/24, chimene chidadza ndi El Niño, chidasiya nkhokwe zambiri zili mbee m'chigawo cha Tete. Mu Febuluwale 2024 mvula idadula kwa masabata angapo pamene chimanga chinali pafupi kumasula. Zambia, Malawi ndi Zimbabwe adalengeza kuti agwa m'tsoka la njala, ndipo akuluakulu m'midzi adakumbukira chaka cha 1992. Palibe munthu angalamule mvula. Koma pali chinthu china chimene chimapha mbewu pa nthawi ya ng'amba, ndipo chimenechi mudzi ungathe kuchichepetsa. Chinthucho ndi kutentha kwa nthaka.

Mumzinda wa Tete ndi m'maboma a m'chigwa cha Zambezi monga Changara, Mágoè ndi Mutarara, kutentha kwa mpweya kumapitirira madigiri 40 kawirikawiri m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala. Nthaka youma yopanda chophimba imatentha kuposa mpweyawo. Masana pamwamba pake pangafike madigiri 50 kapena kuposerapo, ndiye chifukwa chake ana opanda nsapato amathamangira pamthunzi. Chimanga chimamera bwino nthaka ikakhala pa madigiri 25 mpaka 30. Kutentha kukapitirira 40, mbewu zambiri zimalephera kumera, ndipo timizu ta mbewu zongomera kumene timapsa.

Nthaka yonyowa sitentha chomwecho pa zifukwa ziwiri. Choyamba, madzi amachedwa kutentha kusiyana ndi dothi louma. Chachiwiri, madzi akamauluka ngati nthunzi amachoka ndi kutentha, monga momwe thukuta limaziziritsira thupi, kapena momwe mtsuko wadothi umasungira madzi ozizira. Chinyezi chikatha, mphamvu yonse ya dzuwa imatsalira pamwamba pa dothi, pamalo enieni pamene pagona mbewu.

Apa ndipo pamabwera ntchito ya chophimba. Mapesi, udzu ndi masamba akayalidwa m'munda amatchinga dzuwa, amachepetsa mphepo yowumitsa dothi, ndipo madzi a mvula amalowa pansi m'malo mothamangira kuchigwa. Chinyezi chimakhalitsa, ndipo nthaka imazizira ndi madigiri angapo masana. Mbewu zoyanga monga maungu, khobwe ndi mbatata zimagwiranso ntchito yomweyo zikakula. Mtengo wa msangu, umene umapezeka m'mbali mwa mitsinje ya m'chigwa, umakhala ndi masamba m'chilimwe ndi kuwayoyola nthawi ya dzinja, motero umapereka mthunzi pamene nthaka ikupsa koma sutchinga chimanga.

Vuto nlakuti chaka ndi chaka minda imavulidwa mvula isanagwe. Kuyambira mu Ogasiti moto umayaka paliponse: ena akusaka mbewa, ena akusosa, ena akufuna msipu watsopano wa ng'ombe. Mitengo nayo ikutha ndi makala amene amaunjikidwa m'mbali mwa msewu wochokera ku Tete kupita ku Zóbuè. Munda wopserera umatsala wakuda, ndipo chinthu chakuda chimamwa dzuwa kwambiri. Mvula yoyamba ikagwa, mlimi amabzala. Ikadula kwa sabata imodzi kapena awiri, dothi lamaliseche limauma msanga, mbewu zimapsa, ndipo banja limagulanso mbewu kapena kubzala mochedwa. Ambiri amaimba mlandu mvula kapena wogulitsa mbewu, osadziwa kuti moto wa mu Okutobala uli ndi gawo lake.

Komabe kuphimbira si nkhani yapafupi. M'chilimwe mapesi omwewo ndiwo chakudya cha ng'ombe ndi mbuzi, ndipo ziweto zimatayiriridwa m'minda ya aliyense anthu akangokolola. Alimi ena amaopa chiswe ndi mbewa. Chiswe chimadyadi mapesi, koma njira zake zimathandiza madzi kulowa pansi, ndipo nthawi zambiri chikapeza zouma chimasiya mbewu zaziwisi. Palinso kusiyana kwa malo. Kumapiri a Angónia ndi Tsangano, pa mamita opitirira 1,000, dimba la mu Juni ndi Julayi limazizira kale, ndipo chophimba chokhuthala chingachedwetse kumera. M'dambo lolowa madzi sichithandizanso. Phindu lake lalikulu lili kumadera otentha ndi minda ya mchenga.

Chimene chikuoneka poyera nchakuti mlimi mmodzi payekha sangasunge chophimba. Angayale mapesi munda wonse, koma moto wochokera kwa mnansi kapena ng'ombe za mudzi wina zingamalize zonse tsiku limodzi. Lamulo la nkhalango la 1999 lidaika kutentha tchire mwadala m'gulu la milandu, koma moto sudaleke, chifukwa wapolisi sangalondere munda uliwonse. Mphamvu yeniyeni ili ndi mafumu ndi anyakwawa pamodzi ndi anthu awo. Mudzi ungagwirizane mwezi woletsa moto, kulambula njira zotchinga moto kuzungulira minda, kupatula malo odyetsera ziweto, ndiponso kugawa mapesi kuti ena apite kukhola, ena atsale m'munda. Alangizi a zaulimi a m'boma angathandize poyala chophimba theka la munda wachitsanzo, kuti anthu apise dzanja m'dothi masana ndi kudzimvera okha kusiyana kwake.

El Niño adabwera mu 2015/16, adabweranso mu 2023/24, ndipo adzabweranso. Midzi imene idzakambirane za moto ndi ziweto anthu akangomaliza kukolola ndiyo idzakhale ndi mbewu zopirira masabata a ng'amba. Kudikira mpaka mitambo itayamba kuda ndi kuchedwa, chifukwa pa nthawiyo mapesi amakhala atasanduka kale phulusa.