Mukufuna kukolola luso pamunda umene simunalime

Onani malonda a ntchito m'nyuzipepala, kapena amene timatumizirana m'magulu a WhatsApp. Ambiri ali ndi mzere wofanana: tikufuna munthu amene wagwirapo ntchitoyi zaka zitatu kapena zisanu. Kenako mabwana omwewo akapita ku misonkhano ya m'mahotela amadandaula kuti achinyamata otuluka m'makoleji alibe luso, amangodziwa za m'buku. Funso langa kwa iwo ndi ili: lusolo mukufuna tikalitole kuti, inu mutatseka chitseko?

Sindikukana kuti vuto lilipo. Munthu angathe kumaliza maphunziro a zamagetsi, n'kulemba bwino pa mayeso mmene thiransifoma imagwirira ntchito, koma asanaimasulepo ndi manja ake. Chimene ndikukana n'chakuti mlandu wonse ndi wa sukulu ndi ophunzira. Pali zinthu zimene bolodi silingaphunzitse: kumva ndi khutu kuti injini yadwala pati, kuona ndi maso kuti simenti yachuluka madzi, kukhazika mtima pansi kasitomala amene wabwera akutukwana. Izi zimalowa m'thupi pogwira ntchito pambali pa munthu woidziwa, tsiku ndi tsiku, kwa zaka. Makina ndi amisiri otere ali m'makampani, ndiye kampani imene ikufuna luso iyenera kukhala sukulu nayonso.

Ku Germany zimenezi zili m'lamulo kuyambira mu 1969. Wachinyamata amasainirana pangano ndi kampani, amagwira ntchito kumeneko masiku atatu kapena anayi pa sabata, masiku otsalawo amakhala m'kalasi. Maphunzirowa amatenga zaka ziwiri mpaka zitatu ndi theka. Kampani imamulipira mwezi ndi mwezi, ndipo kuyambira mu 2020 pali mlingo umene malipirowo sayenera kutsika. Pomaliza amalemba mayeso amene amayendetsedwa ndi mabungwe a eni makampani ndi amisiri, choncho satifiketi yake imadziwika dziko lonse. Ntchito zophunziridwa mwanjira imeneyi ndi zoposa 300, ndipo si zaukalipentala ndi zowotcherera zokha: muli za kubanki, za kompyuta, za m'mahotela. Makampani a kumeneko sachita izi chifukwa cha chifundo. Anawerengera n'kupeza kuti kulera mmisiri wako n'kotchipa kuposa kumusaka pa msika pamene palibe.

Kuno kwathu sitikuyambira pa mchenga. TEVETA inakhazikitsidwa mu 1999, ndipo olemba ntchito amapereka msonkho wa 1 peresenti ya malipiro a antchito awo wothandizira maphunziro a luso. Tili ndi makoleji a ntchito zamanja monga Soche, Nasawa, Salima, Namitete, Lilongwe, Mzuzu ndi Livingstonia, ndipo kuyambira mu 2015 boma lakhala likutsegula makoleji ang'onoang'ono m'maboma. Mbali ya kalasi ilipo. Mbali imene ikutsimphina ndi ya kuntchito.

Aliyense amene anapitako ku attachment akudziwa zimene ndikunena. Umayenda ndi kalata ofesi ndi ofesi, n'kumangothera pageti kwa alonda. Ukapeza malo, m'maofesi ambiri ntchito yako imakhala kufotokopa, kuwiritsa tiyi ndi kukagulira abwana tchipisi pachiwaya. Palibe amene wapatsidwa udindo wokuphunzitsa. Malipiro palibe, ndalama ya minibasi ndi ya nkhomaliro n'zako. Miyezi itatu ikatha amakusainira fomu, iwe n'kubwerera ku koleji mmene unachokera. Ena zimawachitikira mosiyana koma moipa chimodzimodzi: amagwira ntchito yonse ya munthu wolembedwa, mwaulere, ndipo akachoka amalowetsapo wina waulere. Ndipo taganizani amene angapirire miyezi yopanda malipiro mumzinda. Ndi mwana amene ali ndi amalume ku Area 47 kapena ku Namiwawa. Wochokera ku Nsanje kapena ku Chitipa wopanda m'bale m'tauni amagwa poyambira penipeni, nzeru ali nazo.

Kuphunzira ntchito pa ntchito kwenikweni kumafuna zinthu zinayi. Pangano lolembedwa, lonena zimene wophunzira adzaphunzire ndi nthawi yake. Malipiro, ngakhale ochepa, okwanira kuyenda ndi kudya. Mmisiri wodziwika dzina amene adzayankhe ngati wophunzirayo sanaphunzire kanthu. Ndiponso mayeso omaliza oyendetsedwa ndi anthu a kunja kwa kampaniyo. Chimodzi chikasowa, dziwani kuti apo pali ganyu yaulere yongovekedwa dzina labwino.

Eni makampani ali ndi yankho lawo, ndipo si lopusa. Amati: ndimuphunzitse zaka zitatu, ndiwononge ndalama ndi zipangizo, kenako mnzanga amene sanaphunzitse aliyense adzamukope ndi malipiro okwera. N'zoona, zimachitika. Koma msonkho uja ntchito yake ndi yomweyo. Ku United Kingdom, kuyambira mu 2017 makampani amene malipiro a antchito awo amaposa mapaundi 3 miliyoni pa chaka amapereka 0.5 peresenti, ndipo ku England kampani imatha kutapa pa ndalamazo kulipirira maphunziro a ophunzira ake. Amene saphunzitsa, ndalama yake imapita osabwerera. Ifenso tingamange mfundo yomveka chonchi: kampani ikalera wophunzira mpaka kupambana mayeso, ibwezeredwe gawo looneka la msonkho wake, mwachangu, popanda kuyenda maulendo khumi. Ndipo boma, limene limapereka makontirakiti a misewu, milatho ndi nyumba za sukulu, liike m'pangano chiwerengero cha achinyamata amene kontirakitala ayenera kuphunzitsa. Ndalama ndi za msonkho wathu, msewu usiye amisiri m'mbuyo mwake. Walira mvula walira matope: wofuna amisiri avomere kuti ophunzira adzamuthyolera zipangizo zina.

Ena amati Malawi si Germany, makampani akuluakulu ndi ochepa. Apanso sakunama. Koma pitani ku Mchesi mukaone akalipentala, pitani ku Ndirande mukaone owotcherera zitsulo, lowani m'magalaja a m'mbali mwa misewu. Mupeza anyamata akuphunzira ntchito kwa amisiri monga zakhala zikuchitikira kuyambira kale, popanda pulojekiti kapena msonkhano. Sukulu yaikulu ya luso m'dziko muno ndi imeneyo. Chimene ikusowa ndi pangano loteteza wophunzira kuti asasanduke wantchito wosalipidwa kwa zaka zosatha, masiku ochepa a m'kalasi ophunzira masamu ndi chitetezo, ndi pepala pamapeto pake. Njira yoyesa anthu amene anaphunzira luso kunja kwa kalasi n'kuwapatsa satifiketi TEVETA ili nayo kale. Ifike pansi pa mtengo pamene akupala matabwa, ndipo atsikana alowemo mochuluka, asamangokankhidwira ku kusoka ndi kukonza tsitsi.

Tsopano kwa ife, anzanga a madigiri. Tili ndi matenda oona ovololo ngati chovala cha amene analephera MSCE. Timaseka wa ku Soche pamene ife tikuyenda ndi envulopu ya khaki chaka chachiwiri, iye akukana makasitomala chifukwa chochuluka ntchito. Masomphenya a Malawi 2063 amakamba za mafakitale ndi ulimi wamakina. Pampu yothirira ikafa ku Chikwawa, adzaikonza ndi munthu amene anaimasulapo, kaya ali ndi digiri kaya alibe. Digiri ndi yabwino, inenso ndikuifuna, koma ikufunika manja.

Choncho mabungwe athu a ophunzira asamangolira za ndalama za ngongole ndi chakudya. Afunse akuluakulu a yunivesite kuti ndi makampani angati amene asainirana nawo mapangano ophunzitsa ntchito, ndipo ophunzira amakaphunzirako chiyani. Ndipo tsiku limene bwana wina adzabwere kudzatiuza kuti tilibe luso, wina aimike dzanja amufunse mwaulemu: bwana, chaka chathachi kampani yanu inaphunzitsa achinyamata angati, ndipo inawalipira zingati?