Jekete ya zigamba ndi maso athu

Sabata ino tilingalire za chimbale cha Dolly Parton, woimba nyimbo za country wa ku America, chotchedwa Coat of Many Colors, chimene kampani ya RCA Victor inatulutsa mu Okutobala 1971. Mwa nyimbo 10 za m'chimbalechi, 7 anapeka yekha, ndipo 3 anapeka Porter Wagoner, amene ankaimba naye masiku amenewo.

Dolly anabadwa mu 1946 m'dera la Sevier, ku mapiri a Tennessee, wachinayi mwa ana 12 a banja losauka. Nyimbo imene inapatsa dzina chimbalechi ikusimba zimene zinamuchitikira ali mwana. Mayi ake, Avie Lee, posowa ndalama, analumikiza nsanza zamitundumitundu namusokera jekete, uku akumufotokozera nkhani ya Yosefe ndi mkanjo wake. Mwanayo anapita kusukulu monyadira, koma anzake anamuseka.

Ambiri a ife tikamva nyimboyi timadziika pa malo a mtsikana wosekedwayo, ndipo timagwidwa chisoni. Komatu tikadzifufuza moona mtima, nthawi zambiri ife tili m'gulu la ana oseka aja. Mu Genesesi 37, abale ake a Yosefe anadana naye ataona mkanjo wokongola umene bambo awo anamupatsa. Anzake a Dolly anamunyoza chifukwa cha chovala chaumphawi. Kwina inali nsanje, kwina chipongwe, koma nthenda ndi imodzi: kuyeza munthu ndi nsalu imene ili pathupi pake, osaona manja amene anaisoka ndi chikondi.

Ena amati nyimboyi imadzoza umphawi uchi, pakuti kumapeto kwake imamveka ngati ikuti kusauka n'kosankha mwini. Pamenepa tikugwirizana nawo pang'ono. Njala si maganizo chabe, ndipo mwana wopanda nsapato sanasankhe kuyenda chapansi. Komabe chimene nyimboyi ikuteteza ndi ulemu wa munthu wosauka, osati umphawiwo. Umboni wake ndi wakuti Dolly sanalekere pa kuimba. Mu 1995, pokumbukira bambo ake amene sankadziwa kulemba ndi kuwerenga, anayambitsa Imagination Library kwawo ku Sevier, ntchito yotumizira ana buku laulere mwezi uliwonse kuyambira pobadwa mpaka zaka 5. Wolemekeza wosauka moona amayamba ndi kuleka kumuseka, kenaka amatambasula dzanja.

Kalata ya Yakobo Woyera, mutu 2, imadzudzula Akhristu amene amapereka mpando wabwino kwa wovala zokongola nakankhira pambali wovala zosiira. Kodi m'kwaya, m'gulu la achinyamata ndi m'miphakati yathu zimenezi zinatha? Alipo anzathu amene amajomba ku Misa, osati chifukwa chikhulupiriro chawazilala, koma chifukwa ali ndi malaya amodzi okha ndipo amaopa maso athu. Ngati kuyang'ana kwathu kukutsekera wina khomo la tchalitchi, mlandu ndi wathu pamaso pa Mulungu.

Choncho Lamulungu likudzali tisayambe ndi kuona zimene mnzathu wavala. Timupatse moni, timusendere pa benchi, ndipo amene wasowa kwa masabata angapo tikamuyendere kwawo. Ambuye atipatse maso oona munthu tisanaone chovala.