Nyumba ikagwa ndi madzi, ndani amalipira?

Dzinja lapitali, m'mawa wina ndili pa wailesi kuwerenga mauthenga a maliro ndi a ng'ombe zosowa, foni yanga inalira. Anali azakhali anga a kumudzi, kufupi ndi mtsinje wa Msanzala. Nditatuluka panja anangoti, "Mwanawe, nyumba ija yagwa. Madzi alowa usiku, khoma la kumadzulo lakhala pansi. Ana ali bwino, koma chimanga chonse chanyowa." Atapumira pang'ono anafunsa kuti, "Nanga inshuwalansi ija timalipira ku kopaletivu chaka ndi chaka, singatimangireko khoma?"

Yankho ndinali nalo, ndipo linali lowawa. Inshuwalansi imene azakhali ankanena ndi ya mbewu za m'munda, nyumba mulibemo. Kuyambira tsiku limenelo ndafunsa anthu ambiri, a kumudzi ndi a pa boma, ndipo ndapeza kuti ambirife timalipira zinthu zimene sitinauzidwe bwino tanthauzo lake. Timazindikira madzi atalowa kale m'nyumba. Ine ndikuti zimenezi n'zolakwika, ndipo mlandu wake tigawane: wina ndi wa amene amalandira ndalama zathu, wina ndi wathu.

Tiyambe ndi ya azakhali. Mlimi amene ali pa FISP amalipira K400 kuti alandire feteleza ndi mbewu. Kuyambira nyengo ya 2017/2018, K100 ya ndalama imeneyi inayamba kupita ku inshuwalansi ya nyengo. Inshuwalansi imeneyi satumiza munthu kudzaona munda wanu. Amayang'ana mvula imene makina a m'mlengalenga aonetsa kuti yagwa m'dera lonse. Mvula ikachepa kapena kuchuluka kupitirira malire amene anaika, alimi a dera limenelo amalipidwa. Ikapanda kufika pa malirewo, palibe amene amalandira, ngakhale munda wanu utakokoloka wonse chifukwa uli m'mphepete mwa mtsinje. N'chifukwa chake mlimi wina amadandaula kuti anataya chimanga koma sanaone kanthu, pamene wa kampu ina walandira uthenga pa foni. Njira imeneyi ili ndi ubwino wake, chifukwa ndi yotsika mtengo ndipo imafika kwa anthu ambiri nthawi imodzi. Koma ndi alimi angati amene anakhalitsidwa pansi n'kuuzidwa zimenezi m'Chinyanja kapena m'Chinsenga? Azakhali anga ankadziwa mawu amodzi okha, inshuwalansi, ndipo ankaganiza kuti ikuphimba zonse za pakhomo.

Nanga amene ali ndi inshuwalansi ya nyumba yeniyeni? M'dera lathu ndi ochepa: aphunzitsi ena, anamwino, a mashopu pa boma la Petauke ndi la Nyimba, makamaka amene anamanga ndi ngongole ya banki, poti banki imafuna kuti nyumba ya chikole ikhale yotetezedwa. Mnzanga wina, mphunzitsi, ndi mmodzi wa iwo. Madzi a mu ngalande yotsekeka analowa m'nyumba mwake mpaka m'mawondo. Mipando, firiji, mabuku a ana, zonse zinaonongeka. Anapita ku kampani yake ali ndi mtima wokhazikika, koma anabwerako atagwira mutu. Pepala lake linali loteteza nyumba yokha, kutanthauza makoma ndi denga. Katundu wa m'kati amafuna kulembetsa payekha, ndipo iye sanalembetse. Pa makoma anamulipira, koma ndalama yochepa kuposa imene ankayembekezera. Anali atasaina pepalalo zaka zinayi zapitazo osawerenga ngakhale tsamba limodzi.

Kuchokera pa nkhani yake ndinaphunzira zinthu zimene aliyense wolipira inshuwalansi ya nyumba ayenera kudziwa mvula isanayambe.

Funsani ngati madzi osefukira alembedwa pa pepala lanu. Mapepala ambiri maziko ake ndi moto, ndipo mphepo yamkuntho ndi madzi osefukira zimabwera monga zowonjezera. Funsaninso ngati katundu wa m'nyumba alimo. Dziwani kuti makampani amasiyanitsa ngozi ndi kusasamala: denga limene lakhala likudontha zaka zitatu inu osakonza, akhoza kukana kulipira. Pali ndalama ina imene mwini nyumba amasenza yekha pa ngozi iliyonse, imene iwo amaitcha excess, ndipo amaichotsa pa malipiro anu. Ngati munasiya kulipira mwezi ndi mwezi kapena chaka ndi chaka, chitetezo chimatha, ngakhale munalipira mokhulupirika zaka zam'mbuyo.

Chimene chinapweteka mnzanga kwambiri ndi mtengo wa nyumba. Tiyerekeze kuti munalembetsa nyumba pa K150,000, koma lero kuti imangidwenso ifunika K300,000 chifukwa simenti ndi malata zakwera. Ndiye kuti mwateteza theka lokha la nyumba. Madzi akaononga zinthu za K60,000, kampani ikhoza kukupatsani K30,000 basi, n'kuchotsaponso excess ija. Lamulo limeneli lili m'mapepala ambiri. Choncho chaka chilichonse muzionanso mtengo umene munalembetsa.

Ngozi ikachitika, choyamba ndi moyo. Zimitsani magetsi, tulutsani ana ndi okalamba, musabwerere m'nyumba imene makoma ake anyowa mpaka pansi. Mukapulumuka, jambulani zithunzi ndi foni musanayambe kukolopa: pamene madzi anafika pa khoma, ming'alu, katundu aliyense payekha. Uzani kampani tsiku lomwelo kapena lotsatira, chifukwa pepala lililonse lili ndi masiku amene muyenera kunena, ndipo kuchedwa ndi chifukwa chokwanira chokanira. Musataye matiresi kapena wailesi yakanema yoonongeka mpaka woyesa wa kampani atabwera kudzaona. Tsekani pamene pakudontha kuti zinthu zisapitirire kuonongeka, ndipo sungani malisiti a pulasitiki ndi misomali imene mwagula. Lembani dzina la amene mwalankhula naye ndi tsiku lake. Akakana kulipira, pemphani kuti akulembereni chifukwa chake pa pepala. Ngati simukukhutira, kuli bungwe la boma la Pensions and Insurance Authority, limene limayang'anira makampani a inshuwalansi m'Zambia muno ndipo limalandira madandaulo. Anthu ambiri sadziwa kuti khomo limeneli lilipo, ndipo amangobwerera kunyumba akung'ung'udza.

Tsopano wina anena kuti, "Iwe wa pa wailesi, zonsezi ndi za anthu a malipiro. Ife a nyumba za zidina ndi udzu zikutikhudza bwanji?" Funso limeneli ndi loona, ndipo ndi limene linandivutitsa kwambiri. Nyumba ya azakhali anga ili pa malo a mfumu, ilibe pulani ya kukhonsolo, ndipo njerwa zake anaumba okha. Sindinaonepo munthu wa kampani akuyenda m'midzi ya kwa Nyamphande kapena kwa Sandwe kugulitsa chitetezo cha nyumba zotere. Kwa iwo ulendo ndi wautali, ndalama yolipira ndi yochepa, ndipo mtengo wa nyumba ndi wovuta kuyesa. Choncho amene ali pangozi yaikulu ndiwo alibe chogwira.

Komabe phunziro la mnzanga mphunzitsi limagwira ntchito kumudzi. Thandizo lililonse, kaya la kampani kaya la boma, limatsata umboni ndi kaundula. Boma lili ndi ofesi yoona za ngozi, DMMU, imene ili pansi pa Wachiwiri kwa Pulezidenti ndipo imayendera lamulo la 2010. Pa boma lililonse pali komiti ya za ngozi imene a DC amatsogolera, ndipo kumidzi kuyenera kukhala makomiti ang'onoang'ono amene amatumiza malipoti. Matenti, ufa ndi mabulangete zimapita kwa amene mayina awo alembedwa. Izi si inshuwalansi, ndipo palibe amene amalonjeza kukumangirani nyumba yonse. Koma banja limene silinalembedwe sililandira ngakhale thumba limodzi. Azakhali anga anachedwa masiku asanu kukauza anyakwawa, poganiza kuti aliyense waona yekha khoma lili pansi. Pamene ankapita, mndandanda unali utatumizidwa kale. Pamenepa sindingaloze munthu chala. Tinachedwa ndife.

Ndiye ine ndikupempha zinthu zingapo, ndipo ndiyamba ndi ife eni ake.

Mudzi uliwonse ukhale ndi buku. M'mwezi wa Okutobala, mvula isanagwe, anyakwawa ndi achinyamata awiri amene ali ndi foni ya kamera ayende khomo ndi khomo, alembe mwini nyumba, chiwerengero cha anthu, mtundu wa makoma ndi denga, ndi nkhokwe zimene zilipo. Ntchito imeneyi si yachilendo kwa ife. A Petauke District Land Alliance anagwirapo ntchito ndi anthu a kwa Mfumu Sandwe yolemba malire a minda ndi kupereka mapepala a malo a makolo. Ngati tinatha kulemba minda, nyumba zingatikanike bwanji? Madzi akabwera, lipoti lidzatuluka tsiku lomwelo, lokhala ndi zithunzi za kale ndi za lero, ndipo mikangano yoti uyu walembedwa chifukwa ndi m'bale wa akomiti idzachepa.

Magulu athu osunga ndalama ali kale ndi kathumba ka mavuto, kamene timathandizira pa maliro ndi matenda. Ameneyo ndiye inshuwalansi wathu woyamba, ngakhale sitimutchula choncho. Tiwonjezere mzere wa nyumba yogwa, ndipo tigwirizane pasadakhale kuti munthu adzalandira zingati. Koma tisadzinamize. Kathumba ka gulu limodzi kamatha kuthandiza nyumba imodzi kapena ziwiri. Mtsinje ukasefukira, mamembala onse amalira usiku umodzi, ndipo kathumbako sikakwanira. Anzathu a ku Malawi anaona zimenezi m'Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anakokolola midzi yathunthu kum'mwera kwa dzikolo ndi nyumba za m'mphepete mwa phiri la Soche ku Blantyre. Ngozi yotere imafuna thumba lalikulu, losonkhedwa ndi anthu a madera ambiri amene sagwa m'mavuto nthawi imodzi. Apa ndi pamene kampani ndi boma zimafunika.

Boma lenilenilo limadziwa ubwino wa inshuwalansi. Chilala cha 2024 chitalengezedwa kuti ndi ngozi ya dziko pa 29 Febuluwale, Zambia inalandira ndalama kuchokera ku African Risk Capacity, bungwe la mayiko a mu Africa kumene boma linalipira chitetezo pasadakhale. Ngati dziko limadziteteza motero, bwanji osaganizira nyumba ya mayi wamasiye wa ku Msanzala? Makampani anatha kufika kwa alimi a FISP podzera m'makopaletivu. Njira yomweyo ingathe kunyamula chitetezo chaching'ono cha nyumba: kulipira pang'ono pa foni nthawi yokolola, ndi kulandira ndalama yodziwika, yokwanira malata angapo ndi matumba a simenti, khoma likagwa ndipo komiti ya m'mudzi yatsimikiza. Sindikunena kuti ndi chinthu chapafupi. Ndikunena kuti makhansala ndi aphungu athu ayambe kufunsa funsoli, monga mmene amafunsira za milatho ndi ndalama za CDF.

Kwa amene akutenga kale K100 ya mlimi, pempho langa ndi losavuta. Bwerani pa mawailesi a m'dera, mufotokoze m'chilankhulo chathu zimene ndalamayo imateteza ndi zimene siteteza. Nyengo ikatha, lengezani makampu amene alandira, amene sanalandire, ndi chifukwa chake. Munthu amene walipira ali ndi ufulu wodziwa chimene wagula. Kukhala chete ndi kumene kumachititsa anthu kunena kuti inshuwalansi ndi kuba, ndipo mawu amenewa akakhazikika m'mudzi, ngakhale chinthu chabwino chidzakanidwa.

Pali china chimene tiyenera kuuzana mosabisa. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Nyumba ya azakhali inamangidwa pamalo pamene agogo ankakana kumangapo, chifukwa ankadziwa pamene mtsinje unafika kale. Tinamanga pamenepo chifukwa dimba lili pafupi ndipo madzi otunga savuta. Tadulanso mitengo ya m'mphepete mwa mtsinje kuotcha makala ndi njerwa, ndipo tikulima mpaka pa gombe penipeni. Palibe kampani imene ingalole kuteteza nyumba imene ikudziwika kuti idzagwa, ndipo palibe boma limene lingagawe matenti kwa banja lomwelo chaka ndi chaka osatopa. Maziko okwera, njerwa zootcha m'mizere ya pansi, khonde lotalika lotchinga khoma ku mvula, ngalande yozungulira nyumba: zimenezi ndi zotsika mtengo kuposa kumanganso.

Azakhali anga anamanganso, nthawi ino kumtunda, pafupi ndi mtengo wa msekese. Malata anagula ndi ndalama ya mtedza ndi ya mbuzi ziwiri, ndipo achinyamata a kutchalitchi anaumba njerwa. Nditapita kukawaona, ndinajambula nyumbayo mbali zonse zinayi, nkhokwe ndi khola, ndipo zithunzizo ndinatumiza kwa mwana wawo ku Lusaka kuti zisungidwe pa mafoni awiri. Anandiseka kuti ndikuwajambula ngati akupita kukatenga reji. Kenako analowa m'nyumba, anatulutsa lisiti la malata lokulungidwa mu pulasitiki ya shuga, nati, "Jambulanso ili, mwanawe."