Mbendera zosemedwa ndi makina zautsa mtsutso ku America

Pa 4 Julaye 2026 dziko la America likukwanitsa zaka 250 chilengezereni ufulu wake kuchoka m'manja mwa Britain. Mwa katundu amene amayenda malonda pa nyengo zotere muli mbendera ya dzikolo yosemedwa pa matabwa, imene anthu amapachika pakhoma m'nyumba, m'maofesi ndi m'malo odyera, ena n'kumaipereka ngati mphatso kwa asilikali opuma pantchito. Zochuluka ndithu mwa mbenderazi zimapangidwa m'magalaja ndi m'mashedi a kuseri kwa nyumba, ndipo kawirikawiri chosema chenicheni chimakhala makina oyendetsedwa ndi kompyuta otchedwa CNC router. Mtsutso wagona pa funso lakuti: chinthu chimene chasemedwa ndi makina chingagulitsidwe ngati ntchito ya manja? Yankho lake likukhudza mtengo wa katunduyo, ndiponso chakudya cha mabanja amene amadalira malondawa.

Kuti nkhaniyi imveke bwino, mpofunika kudziwa mmene makinawa amagwirira ntchito. Mmisiri amayamba wajambula mbendera pa kompyuta. Pulogalamu ina imasandutsa chojambulacho kukhala malangizo otchedwa G-code, amene amauza makina koti alowere, kuya kwa pofunika kusema ndi liwiro lake. Kachitsulo kakuthwa, kozungulira maulendo oposa 10 000 pa mphindi imodzi, kamayenda chammbali, chamtsogolo ndi chambuyo, komanso kukwera ndi kutsika, uku kakudya thabwa. Nyenyezi zimasemedwa ndi kachitsulo kosongoka ngati chilembo cha V. Mbendera yooneka ngati ikupepeluka ndi mphepo imafuna maulendo awiri: loyamba kuchotsa nyama yambiri ya thabwa, lachiwiri kusalaza ndi kachitsulo ka nsonga yobulungira, ndipo zimenezi zimatha kudya maola angapo.

Makinawa ndi oyenerera ntchitoyi chifukwa mbendera ya America ili ndi miyeso yokhazikika. Lamulo limene pulezidenti Dwight Eisenhower adasayina pa 21 Ogasiti 1959, tsiku limene Hawaii idakhala chigawo cha 50, lidakhazikitsa kuti utali wa mbendera ya boma ukhale 1.9 pamene mlifupi muli 1. Mizere ilipo 13, yofiira isanu ndi iwiri ndipo yoyera isanu ndi umodzi. Nyenyezi 50 zimandandalikidwa m'mizere isanu ndi inayi, wina wa nyenyezi zisanu ndi imodzi, wotsatira wa zisanu, mosinthana choncho. Kusema nyenyezi 50 zofanana ndi tchizulo kumafuna dzanja lokhwima ndi nthawi yochuluka, ndipo kuphonya imodzi kumaononga thabwa lonse. Makina amazibwereza osatopa.

Luso limeneli si lachilendo. Makina oyamba odula zitsulo motsatira manambala adaonetsedwa pa sukulu ya MIT mu 1952, ndi thandizo la ndalama lochokera ku gulu lankhondo la mumlengalenga la America, ndipo ankawerenga malangizo pa tepi yobowoledwa. Kwa zaka zambiri adali a makampani olemera okha. Zinthu zidasintha pamene kampani ya ShopBot idayamba kugulitsa makina a amisiri ang'onoang'ono mu 1996, kenako kudabwera ena otsika mtengo monga Shapeoko ndi X-Carve, amene munthu amamanga yekha kunyumba. Walira mvula walira matope: kutsika mtengo kumene kudatsegulira khomo amisiri osauka ndi komwenso kwadzaza msika ndi mbendera zofanana, mpaka ogulitsa kumalimbirana kutsitsa mitengo.

Msika waukulu wa katunduyu ndi wa pa intaneti, makamaka Etsy, umene udayamba mu 2005 ngati malo ogulitsirapo ntchito za manja. Etsy imadula masenti 20 pa katundu aliyense woikidwa pamsika, ndipo kuyambira mu Epulo 2022 imatenga 6.5 peresenti ya ndalama zimene wogula walipira. Madandaulo akuti msikawu wadzaza ndi katundu wa m'mafakitale adachititsa kampaniyi kukhazikitsa malamulo atsopano mu Julaye 2024, ofuna kuti wogulitsa anene ngati chinthucho adachipanga yekha, adangochijambula kapena adachipeza kwina. Mu Juni 2025 idawonjezera mfundo yakuti katundu wopangidwa ndi makina a kompyuta, kuphatikizapo a CNC, akhale wochokera pa chojambula cha wogulitsayo mwini wake.

Mfundo imeneyi ndi imene yavuta osema mbendera. Ambiri sajambula okha. Amagula chojambula chokonzeka kale kwa akatswiri ena, pamodzi ndi chilolezo chochigwiritsa ntchito pa malonda, n'kungochilowetsa m'makina. Komanso maonekedwe a mbendera alibe mwini, poti ndi chuma cha mtundu wonse chimene miyeso yake idalembedwa kale m'malamulo. Choncho chimene mmisiri anganene kuti n'chake ndi zinthu zazing'ono: kapindidwe ka mafunde, mtundu wa thabwa, kapakidwe ka utoto, kapena dzina la msilikali lolembedwa pansi. Malire a pakati pa kujambula chatsopano ndi kusintha pang'ono cha mnzako ndi ovuta kuwaloza, ndipo wopereka chigamulo ndi kampani yomwe ili ndi mphamvu yochotsa katundu wa munthu pamsika.

Amene amaikira kumbuyo makinawa ali ndi mfundo zomveka. Makina sasankha thabwa louma bwino, ndipo thabwa lonyowa limapindika mbendera itapachikidwa kale. Munthu ndi amene amamata matabwa ndi guluu, kuwapana, kuwaula ndi moto kuti mitsempha ya mtengo ioneke, kukwecha ndi sandipepa, kupaka utoto ndi vanishi. Kulakwitsa liwiro kumathyola kachitsulo kapena kupsereza thabwa. Ngozi nazo zimagwera munthu yemweyo, pakuti fumbi la matabwa lili m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa malinga ndi bungwe la IARC, nthambi ya World Health Organization. Otsutsa amayankha kuti wogula akamva zakuti chinthu n'chosemedwa pamanja amalipira nthawi ndi luso la dzanja, kotero kumubisira za makina ndi chinyengo, ngakhale katunduyo akongole chotani.

Pali funso linanso, la komwe zipangizo zachokera. Mu Julaye 2024 pulezidenti Joe Biden adasayina lamulo la All-American Flag Act, lakuti mbendera zimene boma likugula zikhale zopangidwa ku America ndi zipangizo za komweko. Lamuloli limakhudza zogula za boma zokha, koma osema mbendera ali pansi pa lamulo lina la bungwe la Federal Trade Commission la mu 2021, loletsa kulemba kuti katundu ndi wopangidwa ku America pokhapokha ngati pafupifupi zonse zimene zili mwa iye n'zochokera m'dzikolo. Vuto ndi lakuti gawo lalikulu la matabwa ofewa monga a paini amene America imagula kunja limachokera ku Canada. Mu Ogasiti 2025 msonkho wa matabwa amenewa udakwera kufika pafupifupi 35 peresenti, ndipo pa 14 Okutobala chaka chomwecho boma la Donald Trump lidawonjezerapo 10 peresenti ina. Mmisiri wa m'galaja amene wagula thabwa la ku Canada amakumana ndi mtengo wa msonkhowo, komanso alibe ufulu wonse wolemba kuti mbendera yake ndi ya ku America yeniyeni.

Nkhaniyi ili ndi phunziro kwa osema ziboliboli a kuno kwathu, monga a ku Mua kumene malo a KuNgoni akhala akuphunzitsa luso losema kuyambira 1976, ndi ena ogulitsa m'mphepete mwa nyanja. Kuzimazima kwa magetsi ndi kusowa kwa ndalama zakunja kungachedwetse makinawa kufala kuno, koma mlendo amene amagula chosema ku Senga Bay kapena ku Nkhata Bay ndi yemweyo amene amaona zosema za makina pa intaneti akabwerera kwawo. Pa liwiro ndi pa mtengo, nsompho ndi tchizulo sizingapikisane ndi kompyuta. Mphamvu ya wosema pamanja ili pakuti ntchito yake iliyonse ndi yosiyana ndi inzake ndipo ili ndi mwini wodziwika, ndiye kuti mawu akuti “chosemedwa pamanja” ayenera kukhalabe ndi tanthauzo kuti mphamvuyo isathe.

Kuletsa makina sikungatheke, ndipo sikungathandize aliyense. Chimene chingateteze mbali zonse ndi kunena zoona pa chikwangwani cha katundu: amene adajambula, chimene chidasema, amene adamalizitsa ndi kumene thabwa lidachokera. Wogula wofuna mbendera yotsika mtengo ya nyenyezi zofanana adzaipeza, ndipo wofuna ntchito ya dzanja adzadziwa chimene akulipira. Malamulo a Etsy ayamba kulowera kumeneko, koma atsamira kwambiri pa mwini chojambula, pamene funso la wogula ndi la mmene chinthucho chidapangidwira. Pokhapokha mbali imeneyi itakonzedwa, wosema pamanja ndi woyendetsa makina apitiriza kugulitsa pansi pa dzina limodzi, ndipo amene azilephera ndi uyo amathera masiku pa mbendera imodzi.