Osema Amene Mayina Awo Sanalembedwe

Mabuku ambiri amaphunzitsa kuti kajambulidwe katsopano ka zithunzi kanabadwira mu mzinda wa Paris, m'mitu ya Azungu okhaokha. Mawu amenewa ndi operewera, ndipo amalanda anthu ena ulemu wowayenera.

Kwa zaka mazana anayi ojambula a ku Ulaya ankalimbikira chinthu chimodzi, ndicho chakuti chithunzi chifanane ndi chimene diso liona. Koma m'chaka cha 1839 kamera inadziwika, ndipo patapita nthawi makina anayamba kutsiriza m'kamphindi ntchito imene munthu ankaivutikira miyezi. Tsono ojambula achinyamata anafunafuna njira ina.

M'chaka cha 1906 Henri Matisse anagula kachiboliboli ka anthu a mtundu wa Vili, a ku Congo, m'kasitolo ka ku Paris, nakaonetsa wojambula mnzake, Pablo Picasso wa ku Spain. André Derain naye anagula chigoba cha a Fang a ku Gabon. Mu 1907 Picasso analowa m'nyumba ya Trocadéro, mmene munaunjikidwa zosema za ku Africa zili fumbi lokhalokha, ndipo anakhalitsamo. Chaka chomwecho anajambula akazi asanu pa chithunzi chotchedwa Les Demoiselles d'Avignon. Awiri a kudzanja lamanja nkhope zawo ndi za zigoba: mphuno zazitali zokhota, masaya olembedwa mizere, ndipo mmodzi maso ake ndi osalingana. Anzake atachiona anadodoma.

Chimene chinadodometsa Paris, wosema wa ku Africa anali kuchidziwa kalekale. Chigoba sichisemedwa kuti chifanane ndi uje kapena uje ayi. Chimasemedwa kuti woona agwidwe ndi mantha kapena ulemu. Ichi ndi chiphunzitso chakuya, ndipo amene ankatcha ntchito zotere za anthu osadziwa kanthu ndiwo anali osadziwa.

Ena amati Picasso sanatengeko kanthu, pakuti mwiniwake pambuyo pake anakana. Zoonadi sanangokopera, iye ndi Georges Braque anapitirira, nayamba kujambula chinthu chimodzi ngati chikuonedwa mbali zingapo nthawi imodzi, njira yotchedwa Cubism. Komatu kukana ngongole sikubweza ngongole.

Chithunzi chija chinapachikidwa ku New York mu 1939, dzina la mwiniwake lili pambali pake. Pansi pa zigoba zambiri za m'nyumba zotere palembedwa dzina la mtundu chabe, kenaka dzina la Mzungu amene anachigula.